Dzina Limodzi M'buku la Amayi

Ndinafika ku Karonga ndili ndi zaka makumi atatu, satifiketi ya unamwino ili m'sutikesi, mphuno ili m'mwamba. Kwathu ndi ku Ntcheu. Amuna anga anawatumiza kukakhala kalaliki pa boma, ine n'kupatsidwa wodi ya amayi oyembekezera. Kutentha kwa dera limenelo kunandisungunula mafuta a m'thupi m'miyezi itatu yokha, koma matama anga sikunawakhudze. Ndinkaudziwa mwambi woti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindinkakayika kuti kalumoko kanali m'manja mwanga.

Lamulungu loyamba ndinakapereka kalata yanga yosamukira kwa abusa, ndipo Lachinayi lotsatira ndinali kale pakati pa amayi a mpingo, nditavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. M'gululi munali eni dera, olankhula Chinkhonde ndi Chitumbuka, komanso ife obwera, akazi a apolisi ndi a makalaliki ochokera m'chigawo chapakati ndi kumwera. Kuti tonse tizimvana, zokambirana zinkalembedwa m'Chichewa. Chaka chisanathe anandisankha kukhala mlembi, chifukwa Chichewa ndinachita kuyamwira, ndipo zilembo zanga zinkaima mowongoka ngati asilikali pa perete.

Mpingo wathu unkakonda kulemba. Chosalembedwa chinali chosachitika. Buku la amayi linali lachikuto cholimba chakuda, ndipo Lachinayi lililonse ndinkalembamo amene watsegula ndi pemphero, nyimbo imene taimba, nyumba zimene tagwirizana kukayendera, ndi mayina a onse amene apita. Nyumbazo zinali za odwala ndi za oferedwa. Mayi aliyense ankabwera ku msonkhano ndi chikuni chimodzi komanso kambale ka ufa kapena ka mpunga, ndipo tikatseka tinkandondozana mumzere, tikuimba, mpaka pakhomo pa wovutikayo. Loweruka lomaliza la mwezi bukulo linkapita ku bwalo la akulu ampingo, n'kuwerengedwa mokweza, abusa n'kusainira.

Ulembi sunandikwane. Ndinkafuna mpando. Amayi amene ankatitsogolera anali atakalamba, maso akuchita chidima, ndipo analengeza kuti mpunga ukakololedwa atula pansi udindo. Ndinene mosabisa: mpando umenewo ndinkaulota ndili maso. Ndinkadziona nditakhala kutsogolo pa tebulo la nsalu yoyera, ndikupita ku misonkhano ikuluikulu ya mpingo, kwathu ku Ntcheu akumva kuti mwana wawo akutsogolera amayi a kumpoto. Koma mayina amene ankanong'onedwa anali awiri, langa ndi la mphunzitsi wina.

Mphunzitsiyu anali Mnkhonde wa kufupi ndi ku Ngara, mayi wamasiye wa ana atatu, wophunzitsa sitandade seveni pa sukulu ya pulaimale ya pafupi ndi ife. Anali wamfupi, wamawu osasa. Bulauzi yake sinayerepo ngati yanga, ndipo nthawi zambiri ankafika mochedwa, choko chili m'zala, atakwera njinga yachimuna imene malemu mwamuna wake anasiya. Ndikamuyang'ana ndinkadzifunsa kuti kodi anthuwa amaonamo chiyani mwa iyeyu. Yankho ndinkalimva akangotseka maso kuti apemphere.

Ine ndinkadziwa kupemphera. Mapemphero anga anali osanjika bwino, a mawu akuluakulu amene ndinawaphunzira ndili mwana, ndipo ndikamaliza amayi ankayankha amen wamphamvu, wa anthu okondwa kuti zatha. Iye ankalankhula ndi Mulungu ngati akulankhula ndi amalume ake pakhonde, akusakaniza Chichewa chake chopindika ndi Chinkhonde, akumutchula kuti Kyala monga amatchulira kwawo. Ndipo ankatchula zinthu. Ankapempherera mtsikana amene wachotsedwa sukulu chifukwa cha mimba, pamene mwamuna wopereka mimbayo akupitabe ku ntchito ndi taye pakhosi. Ankapempherera amayi owokera mpunga m'minda ya eni, amene ankaweramira matope tsiku lonse n'kulandira zochepa kuposa amuna. Tsiku lina anapempherera nkhalamba imene anyamata a chipani anaibweza pachipata cha msika chifukwa inalibe khadi la chipani. Akati amen, m'tchalitchi munkangomveka mphuno zikufwenthera m'makona a nsalu.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo ine sindinkaona kusiyana pakati pa zimene chinkatiphunzitsa ndi zimene mpingo unkatiphunzitsa. Konse kuwiri mawu aakulu anali kumvera. Lamulungu tinkapempherera mtsogoleri wa dziko, pa tsiku la chikondwerero tinkavala nsalu ya nkhope yake n'kukavina. Ndinakula ndikumva kuti olamulira amaikidwa ndi Mulungu, ndipo zinkandikhalira bwino. Mphunzitsi uja ankatsegula malemba omwewo n'kupezamo akazi amasiye, akaidi, ndi antchito obedwa malipiro. Ndinkathamangira kunyumba kukatsegula tsamba limene wawerengalo kuti ndimugwire bodza, n'kupeza kuti mawuwo alipodi, pomwepo, pamene maso anga anadutsapo kambirimbiri. Ndinkapsa mtima ndi tsambalo.

Anthu ena ankati amamvera wailesi ya dziko la kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, n'chifukwa chake mutu wake unadzaza zoti anthu onse ndi ofanana. Ine ndinathandiza nawo kufalitsa zimenezo. Tsiku lina ndinamufunsa pamaso pa anzathu, ndikumwetulira, ngati sakuona kuti mapemphero ake ayamba kununkha ndale.

"Ine ndale sindizidziwa yayi, mama mlembi," anatero. "Ndimangowerenga zimene zalembedwa. Koma tandiuzani inu ophunzira, Kyala anapatsa mwana wamkazi mutu kuti azingosenzera ndowa?"

Amayi anaseka, ena mpaka kuomba m'manja. Ine ndinasekanso, mano okha.

Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti ndinkagwirizana naye. Atsikana amene iye ankawapempherera aja, ine ndi amene ndinkawagwira manja m'wodi akulira, ana obereka ana anzawo. Ndinkadziwa zambiri kuposa iye. Ndinkadziwa amene wapereka mimba iliyonse, chifukwa pa ululu wa kubereka palibe chinsinsi chimene chimatsala m'kamwa. Koma ine ndinkasamba m'manja n'kupita kwathu, iye n'kumanena poyera zinthu zimene ine ndinaziona ndi maso. Ndinkamva ngati akundibera mawu anga, ngakhale kuti mawuwo sindikanawanena mpaka kufa.

Nsanje inandilondola mpaka kunyumba. Mwana wanga wamkazi anali m'kalasi mwa mphunzitsiyo, ndipo tsiku lina anabwera akudumphadumpha, nati aphunzitsi anena kuti iye akhoza kudzakhala dokotala. Dokotala! Ine amake, namwino wathunthu, ndinali ndisanamuuzepo zoposa unamwino. Madzulo ake tikudya mpunga ndi usipa, amuna anga, munthu wosatama chilichonse, ngakhale ndiwo zanga, anati anamumva mayi uja akulankhula pa msonkhano wa makolo kusukulu.

"Mayi amene uja ali ndi mutu," anatero, akutafuna.

"Ena tonsefe tili ndi maungu pakhosi?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana modabwa n'kupitiriza kudya. Mbale za tsiku limenelo zinatsukidwa mwaphokoso, ndipo imodzi inasweka.

Mu mpingo mwathu munali kalipentala wina wofatsa, amene anakhoma mabenchi onse amene tinkakhalira. Mchimwene wake anathawira kutsidya kwa malire zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo kunamveka kuti kwabwera kalata yochokera kumeneko. Mmawa wina, mpunga utayamba kucha, galimoto inaima pakhomo pa kalipentalayo n'kumutenga. Kunalibe mlandu, kunalibe khoti, ndipo palibe anafunsa kumene wapita. Anasiya mkazi ndi ana anayi. Mawu akuti chigawenga anagwera nyumba imeneyo, ndipo anthu anayamba kuilambalala. Pa mpope amayi ankadikira kuti mkaziyo atunge achoke. M'tchalitchi benchi imene wakhalapo inkatsala yopanda munthu, benchi yokhomedwa ndi mwamuna wake yemwe. Patapita masabata atatu analeka kubwera.

Lachinayi lina, kutatsala milungu itatu kuti tichite chisankho, ndinaimirira n'kuwerenga nyumba zoyendera: odwala awiri ndi maliro amodzi. Ndisanakhale pansi, dzanja la choko lija linakwera.

"Mama mlembi, mwaiwala nyumba imodzi. Ya akalipentala."

Mkazi wa wapolisi wina anatola kambale kake n'kutuluka osatsanzika. Amayi apampando anayamba kufunafuna buku la nyimbo limene linali m'manja mwawo momwemo. Ndinaona kuti mpata wanga ndi umenewu, woti amayi aone kusiyana kwa munthu wodziwa dongosolo ndi munthu wongotengeka.

"Aphunzitsi, malamulo athu amanena za odwala ndi oferedwa," ndinatero. "Kunyumba imeneyo kulibe maliro."

"Mwamuna akafa timapita ndi nkhuni," anayankha. "Uyu mwamuna wake sanafe, komanso palibe. Ndiye tidzapita liti? Ngati mukufuna mawu olemba, lembani kuti akudwala. Inu ndinu anamwino, mama. Njala si matenda?"

Panalibe anaseka ulendo uno. Amayi apampando anati nkhaniyi ndi yaikulu, tiyeni titseke ndi pemphero, ndipo anapemphera mothamanga ngati akuthawa mvula. Sitinavomereze, sitinakane. Titatuluka panja, mphunzitsi uja anasenza chikuni chake, natenga kambale kake, n'kuyamba kuyenda yekha kulowera njira ya ku minda ya mpunga. Sanaitane munthu, sanacheuke. Mayi wina wogulitsa nthochi pamsika anamutsatira. Kenako wina, kenako awiri. Ndinawerenga anthu asanu ndi anayi akundondozana pambuyo pake.

Ndikanakonda kunena kuti chifundo chinandigwira. Sichinandigwire. Chimene ndinaona ndi mzere wa mabulauzi oyera uli pambuyo pa mayi wamfupi uja, ine nditaima pakhomo pa tchalitchi ndi buku m'khwapa, wopanda wonditsatira. Mtima unandiwawa moti ndinaiwala mantha. Ndinasankha chikuni chachikulu kuposa zonse pa mulu, ndinachisenza, n'kuthamanga mpaka ndinawapeza. Ngati kumwamba kuli buku lolembamo zifukwa zimene anthu amachitira zabwino, tsamba langa la tsiku limenelo sindifuna kuliona.

Tinadutsa m'minda ya nthochi, n'kuyenda pa timizere ta pakati pa minda ya mpunga, dzuwa likuswa mtengo. Mwambo unali woti tiziimba, koma panalibe woyambitsa, mpaka mawu osasa aja anayambitsa nyimbo ya Chinkhonde, ife n'kumavomera. Anthu ankaima m'makomo kutiyang'ana, ena n'kukokera ana awo m'nyumba. Mkazi wa kalipentala atamva phokoso anathawira kuseri kwa khola, akuyesa kuti abwera kudzatenga iyenso. Ataona kuti ndi nkhuni ndi ufa, anakhala pansi pafumbi n'kulira mokweza ngati pamaliro.

Mwana wake wamng'ono anali ndi chilonda pa mwendo chimene chinali chitayamba kununkha, chifukwa mayiyo ankaopa kupita naye kulikonse. Apo manja anga anagwira ntchito yawo osandifunsa. Ndinawiritsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinatsuka chilondacho mwanayo akukuwa, ndipo ndinang'amba duku langa loyera n'kumanga. Ndinatuluka m'nyumbamo thukuta lili kamukamu, mutu uli pamtunda. Ndinapeza mayiyo atagwada, atagwira mapazi a mphunzitsi, akubwereza mawu awo othokozera, "Ndagha, ndagha, ndagha." Ine anandigwira chanza chabe. Njira yonse yobwerera ndinkangoganiza za duku langa ndi mapazi a mnzanga.

Amuna anga atamva kumene ndinapita, anakhala pa mpando atagwira mutu. "Mayi, mwatiphetsa," anatero. "Ntchito ziwiri za boma m'nyumba muno, inu n'kukasenza nkhuni kwa chigawenga?" Sindinawakumbutse kuti amene anatitsogolera ndi mayi wa mutu uja, ngakhale kuti lilime linkandiyabwa.

Lachisanu masana ndinali pa tchuthi, ndipo kunabwera mlendo pa njinga. Anali mmodzi wa akulu ampingo, amene analinso tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma bambo amenewa ankakhala m'mapanga onse awiri osanyowa ngakhale phewa. Lamulungu ankagawa mgonero, Lolemba ankayendera makhadi, baji ya chipani ili pa jekete lomwelo. Ndinawapatsa tiyi. Anafunsa za ana, za kutentha, za kwathu ku Ntcheu. Atatsala pang'ono kunyamuka ndi pamene anafika pa chimene anadzera.

"Mawa tiwerenga buku la amayi," anatero. "Anthu aona mabulauzi oyera akupita kumene sayenera kupita, koma mukavala maduku mumafanana nonse. Akuluakulu akufuna mayina. Ine ndawauza kuti mlembi wathu ndi munthu wa boma, amalemba zoona."

Atapita ndinakhala pa tebulo ndi bukulo. Ndinkadziwa bwino zimene zinali patsogolo panga, ndipo sindinganame kuti ndinasokonezeka. Ndikanatha kusalemba kanthu. Msonkhano sunavomereze ulendowo, choncho mwa malamulo athu omwe sunali ulendo wa gulu, ndipo buku likanangonena kuti tinatseka ndi pemphero. Tcheyamani akanadandaula, koma pakati pa amene anapita panali mlamu wake weniweni, ndipo sakanakumba kwambiri. Ndikanathanso kulemba mayina onse khumi ndi limodzi, langa lomwe, kuti ngati n'kumira timire tonse, ndipo mwina kuchuluka kwathu kukanatiteteza.

Ndinalemba dzina limodzi. Ndinalemba kuti msonkhano utatha, mphunzitsi wakutiwakuti anapita yekha kunyumba ya kalipentala. Ndinaliyang'ana dzinalo, lili lokhalokha pa tsamba, m'zilembo zanga zokongola. Ndikanalekera pomwepo, mwina lero ndikanadzinamiza kuti ndinkateteza anzanga. Koma ndinaviikanso cholembera mu inki n'kuwonjezera mzere wachiwiri: kuti anapita msonkhano utamuletsa, ndiponso atalankhula mawu onyoza ulamuliro. Ndinkaganiza kuti akulu ampingo amudzudzula, amuchotsa pa chisankho, basi. Kapena ndinene kuti ndi zimene ndinkadziuza, chifukwa munthu wokhala m'dziko lija sakanalephera kudziwa kulemera kwa mawu amenewo.

Loweruka bukulo linawerengedwa, abusa anasaina. Lolemba anakamutenga mphunzitsi uja m'kalasi, ana akuona, mwana wanga ali pomwepo. Anamusunga masiku atatu. Mbiri inatuluka yoti anamuonetsa tsamba lija n'kumufunsa ngati zolembedwazo zili zoona, iye n'kuliwerenga mofatsa, nati inde, anapita yekha. Anamufunsa za mabulauzi ena amene anthu anaona. Anati mwina dzuwa linawathobwa m'maso. Anamutulutsa ndi kalata yomuchotsa ntchito, yomuletsa kuphunzitsanso pa sukulu iliyonse, ndi yomulamula kutuluka m'nyumba ya sukulu pasanathe sabata. Akulu ampingo nawo anamuimitsa m'gulu la amayi. Mwana wanga anakana kudya masiku awiri, ine n'kumamukalipira kuti asiye zachibwana.

Tsiku limene ankasamuka sindinafune kumuona. Koma njira yochokera ku ntchito inkadutsa pa siteji ya basi, ndipo ndinatulukira pamenepo masana, ndili m'yunifolomu ya unamwino. Anali atakhala pa katoni ya mabuku, pambali pali matiresi omanga ndi chingwe, mapoto, njinga ija, ndi ana ake atatu. Amayi anali atamuzungulira, asanu ndi anayi aja ndi ena ambiri amene sanapite nawo tsiku lija. Ndinafuna kudutsa kuseri kwa magolosale, koma mawu osasa aja anandipeza.

"Mama mlembi! Bwerani kuno."

Ndinkadziwa kuti nthawi yanga yakwana, kuti andivula pamaso pa gulu lonse, ndipo ndinayamba kale kukonza mayankho. Anaimirira, nandigwira dzanja, n'kulikweza m'mwamba.

"Amayi, muone dzanja ili," anatero. "Likanalemba mayina onse, lero pa siteji pano pakanakhala makatoni khumi ndi limodzi. Amuna anu akanachotsedwa ntchito, ana angati akanagona ndi njala? Mama awa anaona patali. Anapereka mmodzi kuti khumi atsale. Ndipo musaiwale kuti duku limene lili pa mwendo wa mwana uja ndi lawo. Ndagha, mama."

Amayi anayamba kulira. Mayi wa nthochi uja anandikumbatira, akunena kuti iye ankandiyesa wonyada, ndimukhululukire. Mlamu wa tcheyamani anandigwira m'mapewa. Ine ndinangoima, dzanja lili m'mwamba.

Basi itafika, anthu anatanganidwa kukweza njinga ndi matiresi pamwamba. Mphunzitsi uja anandikokera pafupi ngati akutsanzika, naika pakamwa pake pa khutu langa.

"Dzina langa lokha likanakwana, mama," ananong'ona. "Mzere wachiwiri uja sunali wofunika."

Anandiyang'ana m'maso, osakwiya, osamwetulira, n'kukwera basi ya ku Ngara.

Chisankho chinachitika pa nthawi yake. Mwambo unali woti opikisana atuluke panja pamene amayi akukweza manja. Ndinatuluka ndekha, chifukwa panalibe wina, n'kukaima pansi pa mtengo wa mango. Kudzera pa zenera ndinamva mayi wa nthochi akulankhula, akubwereza mawu a pa siteji aja, kuti mama awa anaona patali. Sanachedwe kundiitana. Manja onse anali atakwera, ngakhale a amene kale sankandipatsa moni. Anandikhazika pa tebulo la nsalu yoyera, akuimba, akululutira.

Walira mvula walira matope. Lachinayi loyamba ndili pampando, mlembi watsopano atawerenga nyumba zoyendera, dzanja linakwera kumbuyo, ndipo wina anafunsa za nyumba ya kalipentala. Maso onse anatembenukira kwa ine, maso a anthu okhulupirira kuti mtsogoleri wawo ndi wolimba mtima ndi wochenjera. Ndikanatani? Ndinauza mlembi kuti atseke buku, ndipo ndinati tizipita awiriawiri, masiku osiyana, titavala zovala wamba. Tinachita zimenezo mpaka kalipentala anabwerera patapita zaka, atawonda, tsitsi litayera. Kenako kunabwera nkhani ya mtsikana wina wochotsedwa sukulu, maso aja n'kutembenukiranso kwa ine, ndipo ndinapezeka ndili pamaso pa akulu ampingo ndikufunsa chifukwa chimene mwamunayo sakumuitana. Mawu amene ankatuluka m'kamwa mwanga ndinkawazindikira mwini wake. Anthu anayamba kunena kuti mapemphero anga amatchula zinthu.

Mphunzitsi uja sanagwirenso choko. Ndinkamva kuti akuyanika usipa ku Ngara n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo kangapo ndinadutsa pamenepo pa basi nditayang'ana mbali ina. Anamwalira zinthu zisanasinthe m'dziko muno. Pa maliro ake anandipempha kuti ndilankhule m'malo mwa amayi onse, monga mnzake wapamtima, ndipo ndinalankhula bwino kwambiri.

Ndinakhala pa mpando umenewo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kulikonse kumene ndinkapita ankandilonjera ngati mayi amene anapulumutsa anzake ndi cholembera. Sindinatsutsepo. Mulungu ndinamupempha chikhululukiro kalekale, ndipo ndikhulupirira anandimva, pakuti ndiyo ntchito yake. Chimene chandikanika ndi china. Ndinafuna kumulanda mayi uja mpando, iye anautenga n'kundipatsa ndi manja awiri, anthu akuona, akudziwa bwino chimene ndinali. Ndakalamba tsopano, mano atha m'kamwa, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire.